Phiri la Kasungu lapakhoma lija, taliyang'anitsitsani

Amene mumadya nsima m'malesitilanti a pa Kasungu boma mwachionapo chithunzi ichi, kaya chojambulidwa pakhoma penipenipo kaya pansalu: phiri la Kasungu pakati, thambo pamwamba, m'munsimu minda ya fodya ndi chigafa chimodzi. Ambirife timangochiponyera diso podikira chenji. Komatu muli nkhani m'menemo.

Yambani ndi pamene nthaka yakumana ndi thambo. Wojambula wodziwa ntchito amautsitsa mzere umenewu, dziko lonse n'kungoti see ngati mphasa, kuti phiri lingoti njo monga limakuonekera ukamabwera pa M1 kuchokera ku Lilongwe. Kenako onani utoto. Chakutali chimayenera kutuwa, chapafupi n'kukhala chowala bwino. Mukapeza phiri lobiriwira mofanana ndi fodya wapafupi, dziwani kuti mnzathuyo amathamangira ndalama ya utoto basi.

Kuima kwa phirili pakati pa chidikha ndi kumene kunalipatsa mbiri. Uli pamwamba pake mdani umamuonera patali, ndipo mafumu a Achewa a ufumu wa Mwase analamulira dera lino ali m'tsinde mwake. David Livingstone anafika kwa Mwase mu 1863. M'zaka za m'ma 1800 zomwezo Achewa a kuno, amene anali ndi mfuti, anagonjetsa Angoni pa nkhondo yomwe timaikumbukira ndi dzina loti Nguru ya Nawambe, dzina lomwe Kamuzu anadzapatsa nyumba yake ya kuno kwawo. Mu Disembala 1895 asilikali a boma la atsamunda anathira nkhondo Mwase wa nthawiyo, iye n'kudzipha m'malo mogwidwa, azungu n'kumanga Fort Alston. Zonsezi burashi siyionetsa, koma ukazidziwa, mwala uja sumauonanso ngati chokongoletsera khoma chabe.

Chigafa chija n'chobwera mochedwa. Maesiteti a fodya anachuluka kuno m'zaka za m'ma 1970, ndipo alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima bale kuyambira mu 1990. Choncho chithunzi chokhala ndi chigafa pafupi ndi nyumba yaudzu chikukamba za dzulodzuloli, nthawi ya mabelo opita ku Chinkhoma, osati ya makolo ayi.

Pomwe ine ndimakangana ndi ojambula athu ndi pa mitengo. Pafupifupi onse amaliveka phirili nkhalango yothithikana, eti kuti likongole. Koma tonse tikudziwa kumene mitengo ya dera lino yapita: nkhuni zowotchera fodya wa fulu, mapolo a zigafa, makala, mauvuni a njerwa. Mnyamata wina wojambula anandiyankha kuti kasitomala sagula dazi, amagula chobiriwira. Ndinamumvetsa, nayenso ali ndi lendi yoti alipire. Komabe chithunzi chimakhalitsa kuposa mwini wake, ndipo mwana wodzachiona mawa adzayesa kuti mu nthawi yathu zinthu zinali choncho.

Ine ndimakonda zija zochepa zojambulidwa monga phiri limaonekera mu Okutobala: udzu wopsa, miyala ili poyera, utsi uli tolotolo, mitengo yoti ungathe kuiwerenga. Chotere ndinachipeza chimodzi chokha, m'shopu yometera tsitsi pafupi ndi depoti, chitabisika theka kuseri kwa kalendala.