Ma CD4 Akaukira Chithokomiro

Ambiri kuno kwathu dzina loti CD4 sitinaliphunzire m'kalasi. Tinalimva kuchipatala, pamzere wolandira ma ARV, ndipo tinagwira chimodzi: akakwera ndiye kuti zinthu zili bwino. N'zoona, koma nkhaniyi siithera pamenepo. Asilikali a m'thupi omwewa, amene ali m'gulu la ma T cell, nthawi zina amasokonezeka n'kuyamba kumenya chithokomiro, kachiwalo ka kutsogolo kwa khosi kotulutsa mahomoni amene amalamula kugunda kwa mtima, kutentha kwa thupi ndi mmene chakudya chimasandukira mphamvu.

Ma T cell amakhwimira mu thymus, kuseri kwa fupa la pachifuwa. Kumeneko amayesedwa, ndipo amene aonetsa kuti angalimbane ndi thupi la mwiniwake amaphedwa. Ena amazemba. Ozembawa amatchingidwa ndi gulu lina la ma T cell, loletsa anzawo, limene Shimon Sakaguchi wa ku Japan analifotokoza mu 1995. Mu 2025 iye analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell chifukwa cha kafukufuku ameneyu. Oletsawo akafooka, ma CD4 osokonezeka aja amamema anzawo.

Akamema ma CD8, omwe ntchito yawo ndi kupha, chithokomiro chimawonongeka pang'onopang'ono kwa zaka. Awa ndi matenda a Hashimoto, amene dokotala Hakaru Hashimoto anawafotokoza mu 1912 atapima zithokomiro za amayi anayi n'kupeza zitadzaza ndi maselo a chitetezo. Mahomoni amachepa. Munthu amangotopa, amazizidwa ngakhale mu Okutobala, amanenepa, amadzimbidwa, khungu limauma. Pakhomo amangomuti waulesi.

Matenda a Graves ndiwo amandidabwitsa kwambiri. Pano ma CD4 amalimbikitsa asilikali ena otchedwa ma B cell kupanga ma antibody amene sapha chithokomiro, koma amachinamiza. Amadzionetsa ngati TSH, homoni imene kachiwalo ka pansi pa ubongo kamatumiza polamula chithokomiro kuti chigwire ntchito, ndiye chimagwira usana ndi usiku osapuma. Munthu amaonda pamene nsima akudya yambiri, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, thukuta silitha, ena maso amatuzuka.

Tangoganizani munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika, ma CD4 ake akwera, koma wayamba kuonda ndi kutuluka thukuta. Aliyense aganiza za TB kapena kuti mankhwala asiya kugwira. Komatu madokotala aona kuti mwa anthu ochepa matenda a Graves amabuka patatha chaka chimodzi kapena zingapo chiyambire ma ARV, chitetezo chikamabwerera. Chimenechi si chifukwa chosiyira mankhwala, ndipo amene angakuuzeni zosiya akukuphetsani.

Matenda onse awiriwa amagwira amayi kuposa abambo, ndipo amayenda m'magazi a pabanja. Mchere wa ayodini, womwe umateteza ku chotupa cha pakhosi chobwera ndi kuperewera kwa ayodini, suwachiza. Wa Hashimoto amamwa levothyroxine tsiku lililonse, kawirikawiri moyo wake wonse, ndipo wa Graves nthawi zambiri amayamba ndi carbimazole. Ngati zizindikirozi mukuziona mwa inu kapena mwa m'bale wanu, pitani kuchipatala mukawapemphe adokotala kuti ayeze TSH m'magazi.