Galu wodzikanda usana ndi usiku: kasankhidwe ka chakudya chosamuwenga

M'mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba galu salinso chiweto chongotolera makombo kuseri kwa nyumba. Mabanja ambiri akugula agalu a mitundu ya German Shepherd, Boerboel ndi Rottweiler pamtengo wokwera kuti azilondera pakhomo, pomwe ena akuweta tiagalu ta m'nyumba tosewera ndi ana. Koma galu akayamba kudzikanda kosalekeza, ubweya n'kumathothoka, khungu n'kufiira mpaka kuchita zilonda, mlonda uja amasanduka wodwala. Sagona, amawonda, ndipo amapsa mtima msanga ngakhale kwa ana a pakhomo pomwepo.

Eni agalu ambiri zikatere amathamangira kusintha chakudya, lero thumba ili, mawa lina, ndalama n'kumatha koma galu osachira. Chakudya chikhozadi kukhala gwero la vutoli, koma kupeza chimene chikumuwenga galu kuli ndi ndondomeko yake, ndipo woilumpha amangotaya ndalama.

Ziwengo zimayamba bwanji?

Ziwengo zimadza pamene chitetezo cha m'thupi chalakwitsa n'kuyamba kulimbana ndi chinthu chosavulaza ngati kuti ndi kachilombo koyambitsa matenda. Pa nkhani ya chakudya, chimene thupi limalimbana nacho kawirikawiri ndi mapuloteni, omwe amapezeka mu nyama, mkaka, mazira, soya ngakhalenso tirigu. Nkhondoyi imaonekera pakhungu: kuyabwa, kufiira ndi kutupa.

Ambiri amaganiza kuti chomuwenga galu ndi chakudya chachilendo chomwe wangoyamba kumene kudya. Nthawi zambiri sizili choncho. Thupi limayenera kukumana ndi puloteniyo kambirimbiri lisanayambe kumukana, kotero galu akhoza kudya nyama ya ng'ombe zaka ziwiri popanda vuto, kenaka n'kuyamba kuwengedwa nayo. Vutoli limagwira galu wa msinkhu uliwonse, kuyambira mwana wagalu wa miyezi yochepa kufikira wokalamba.

Zizindikiro zake ndi kunyambita ndi kutafuna mapazi, kukhuza nkhope pansi kapena pakhoma, kufiira kwa pamimba ndi m'khwapa, komanso matenda a m'makutu obwerezabwereza, omwe amachititsa galu kupukusa mutu ndi kununkha m'makutu. Agalu ena amasanza, kutsegula m'mimba kapena kuchita chimbudzi kambiri patsiku. Kuyabwa kobwera ndi chakudya sikusankha nyengo: kumakhalapo m'dzinja ndi m'chilimwe momwe.

Choyamba n'kuthana ndi utitiri ndi mphere

Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo ngakhale mwambiwu umanena za kukumba, wodzikanda thupi nayenso ali ndi chifukwa chake. Chifukwacho nthawi zambiri si chakudya. Mwa agalu onse amene amafika kwa madokotala a ziweto, omwe amapezeka ndi ziwengo za chakudya ndi ochepa kwambiri.

Vuto lofala ndi utitiri. Agalu ena amawengedwa ndi malovu a utitiri, moti kulumidwa kangapo kokha n'kokwanira kuti adzikande masiku ambiri, makamaka kumsana cha kufupi ndi mchira. Mwini galu akhoza kufufuza osapeza utitiri ndi umodzi womwe, chifukwa galu amaumeza podzinyambita. Palinso mphere, zomwe zimayamba ndi tizilombo tosaoneka ndi maso tolowa m'khungu. Mtundu wina wa mpherezi umayambira m'mphepete mwa makutu ndi m'zigongono ndipo umatha kupatsira anthu a m'nyumba. Chipere nachonso chimathothola ubweya ndipo chimafala kwa ana. Agalu ena amawengedwa ndi zinthu za m'malo omwe akukhala, monga mungu wa udzu, nkhungu ndi tizilombo ta m'fumbi la m'nyumba.

Khungu lokandidwa limalowedwanso ndi mabakiteriya ndi yisiti, zomwe zimabweretsa mafinya, nkhanambo ndi fungo, n'kuwonjezera kuyabwa. Matenda otere sachira ndi chakudya, amafuna mankhwala. N'chifukwa chake galu ayenera kuonedwa kaye ndi dokotala wa ziweto, yemwe amapala khungu pang'ono n'kuliyeza pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono. Kupatula zipatala za ziweto za boma ndi za anthu wamba, mabungwe a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amathandiza agalu odwala. Chizolowezi chopaka galu oyilo wakutha wa galimoto n'choopsa, pakuti oyiloyo amawotcha khungu ndipo galu akamunyambita amamwa poizoni.

Zakudya zomwe zimawenga agalu ambiri

M'chaka cha 2016 akatswiri atatu a matenda a khungu la ziweto, Ralf Mueller, Thierry Olivry ndi Pascal Prélaud, adasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wokhudza agalu 297 a ziwengo za chakudya n'kuzisindikiza m'magazini ya BMC Veterinary Research. Nyama ya ng'ombe ndiyo idatsogola, itawenga agalu 34 pa 100 aliwonse. Mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku mkaka zidawenga 17, nkhuku 15, tirigu 13, soya 6 ndipo nkhosa 5. Chimanga ndi mazira zidawenga agalu 4 pa 100 aliwonse, pomwe nkhumba, nsomba ndi mpunga zidawenga 2 okha.

Ziwerengerozi zidachokera kumaiko komwe agalu amadya kwambiri ng'ombe ndi nkhuku, ndipo phunziro lake n'lakuti chowenga chimakhala pakati pa zomwe galu amadya tsiku ndi tsiku. M'makomo ambiri m'Malawi mbale ya galu imakhala ndi nsima ya mgaiwa kapena phala la madeya, zosakaniza ndi mafupa ndi zotsalira za kubutchala, mitu ndi miyendo ya nkhuku, usipa kapena bonya, nyama ya soya ndi makombo a patebulo. Chilichonse mwa izi chikhoza kukhala chomuwenga galu, koma nsima, yomwe ambiri amayamba kuikayikira, siili pamwamba pa mndandandawo.

Kuyesa kwa masabata 8

Kuyeza magazi, malovu kapena ubweya sikupereka yankho lodalirika pa ziwengo za chakudya. Njira yomwe madokotala amaikhulupirira ndi kumusiyitsa galu zonse zomwe wakhala akudya n'kumupatsa chakudya chimodzi chokha chomwe thupi lake silikuchidziwa. Akatswiri atatu aja adaonetsa mu 2015 kuti agalu oposa 80 pa 100 aliwonse a vutoli amakhala atapeza bwino pofika sabata yachisanu, ndipo pofika sabata ya 8 chiwerengerocho chimaposa 90. Choncho kuyesa kwa masabata awiri kapena atatu n'kosakwanira.

Ntchito imayamba ndi kulemba zonse zomwe galuyo adadyapo. Kenaka amasankha mtundu umodzi wa nyama ndi mtundu umodzi wa chakudya chokhutitsa zomwe palibe pamndandandapo. Kwa galu woleredwa ndi nsima, ng'ombe ndi nkhuku, nyama ya kalulu kapena ya nkhumba yophika bwino pamodzi ndi mbatata kapena mbatatesi yowiritsa ikhoza kukhala yoyenera. Mbuzi ndi nkhosa n'zofunika kusamala nazo ngati chokayikiridwa ndi ng'ombe, popeza mapuloteni a nyamazi amafanana, monga momwe a nkhuku amafananira ndi a nkhukundembo ndi bakha. Chakudyacho chiphikidwe ndi madzi okha, popanda anyezi, adyo, zokometsera kapena msuzi wa ndiwo zina. Anyezi ndi adyo amawononga magazi a galu aliyense, wa ziwengo ndi wopanda ziwengo yemwe.

Chakudya chophika pakhomo cha mitundu iwiri yokha chimaperewera kashiamu, mavitamini ndi michere ina. Galu wamkulu wathanzi akhoza kupirira nacho masabata 8, koma sichiyenera mwana wagalu amene akukula, galu wa bere kapena woyamwitsa. Agalu oterewa amafunika chakudya chapadera cha m'matumba chomwe mapuloteni ake adaphwanyidwa kukhala tizidutswa tochepetsetsa kuti chitetezo cha m'thupi chisawazindikire.  Zakudyazi n'zokwera mtengo ndipo zimapezeka kudzera mwa madokotala a ziweto.

Pomwe ambiri amalephera

Chovuta pa kuyesaku si kuphika, koma kuonetsetsa kuti palibe china cholowa m'kamwa mwa galu kupatula chakudya chosankhidwacho ndi madzi. Chidutswa chimodzi cha buledi chochokera kwa mwana wachifundo, fupa loponyedwa ndi mlonda usiku, kapena mkute wotoledwa kudzala chikhoza kubweza kuyabwa n'kusokoneza ntchito ya masabata ambiri. Aliyense wa pakhomo, kuphatikizapo antchito ndi alendo, ayenera kuuzidwa. Ngati pakhomo pali agalu angapo, wodwalayo azidyera payekha ndipo mbale za anzake zizichotsedwa akangomaliza kudya. Ngakhale mapiritsi a njoka za m'mimba kapena a utitiri otsekemeretsedwa ndi fungo la nyama ayenera kusinthidwa ndi ena mogwirizana ndi dokotala.

Chakudya chatsopano chilowetsedwe pang'onopang'ono kwa masiku angapo, posakaniza ndi chakale, kuti galu asatsegule m'mimba, ndipo masabata 8 ayambe kuwerengedwa tsiku lomwe chakale chathera. Ngati kuyabwa n'kwakukulu, dokotala amapereka mankhwala oletsa kuyabwa m'masabata oyambirira, n'kuwasiyitsa nthawi yoyesa isanathe kuti aone zomwe chakudya pachokha chachita.

Galu akachira, ntchito sinathe. Kuchirako kukhoza kukhala kwabwera ndi mankhwala a utitiri kapena kusintha kwa nyengo. Pofuna kutsimikiza, galu amapatsidwanso chakudya chake chakale. Ngati chinali chomuwenga, kuyabwa kumabwerera pakangopita maola kapena masiku ochepa, ndipo kawirikawiri masiku 14 sadutsa. Akabwezeredwa pa chakudya choyesera n'kuchiranso, zakudya zakale zimayesedwa chimodzichimodzi: ng'ombe payokha kwa masabata awiri, kenaka nkhuku, kenaka soya, mpaka cholakwa chitapezeka. Apa ndi pomwe kuona maso a nkhono kumafuna kudekha, koma phindu lake n'lakuti galu sadzamanidwa zakudya zotsika mtengo zomwe sizimuvuta.

Kugula chakudya cha m'matumba

Chowenga chikadziwika, mwini galu ayenera kuwerenga mndandanda wa zosakaniza kumbuyo kwa thumba, osati chithunzi cha kutsogolo. Thumba lojambulidwa nkhosa likhoza kukhala ndi ufa wa nyama ya nkhuku. Mawu osatchula mtundu wa nyama, monga meat meal kapena animal derivatives, amatanthauza kuti m'katimo mukhoza kukhala nyama ya mtundu uliwonse. Kafukufuku wapezanso kuti zakudya zambiri za m'sitolo zimakhala ndi timapuloteni tosalembedwa pathumba, chifukwa makina amodzi amagaya zakudya zosiyanasiyana.

Mawu oti grain free, kutanthauza chakudya chopanda chimanga, tirigu kapena mpunga, samuthandiza galu amene akuwengedwa ndi ng'ombe kapena nkhuku. Mu July 2018 bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America la FDA lidalengeza kuti likufufuza malipoti a matenda a mtima mwa agalu odya zakudya zotere, zomwe zambiri zimadzazidwa ndi nsawawa ndi mbewu zina za mtundu wa nyemba. Kugwirizana kwake sikudatsimikizike kotheratu, koma n'chifukwa chokwanira chosagulira chakudyachi popanda uphungu wa dokotala.

Ophikira agalu pakhomo asamalenso ndi chimanga kapena madeya a chuku. Poizoni wa aflatoxin amawononga chiwindi ndipo satha ndi kuphika. Mu August 2024 boma la Zambia lidalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa atadya zakudya zopangidwa ndi chimanga chokhala ndi poizoniyu.

Ziwengo za chakudya sizichiritsika, zimangopewedwa, ndipo galu ayenera kutalikirana ndi chomuwengacho moyo wake wonse. Mafuta a nsomba, omwe ali ndi omega 3, amathandiza kuchepetsa kutupa kwa khungu ngati nsomba sizimuwenga. Agalu ena amakhala ndi ziwengo za mitundu iwiri nthawi imodzi, za chakudya ndi za fumbi kapena mungu, kotero kuyabwa kumangochepa osatheratu ndipo mankhwala amafunikabe. Koma ngati masabata 8 atha, malamulo onse atatsatidwa, galu n'kumadzikandabe monga kale, ndiye kuti mwina vuto silili m'mbale, ndipo ndalama zogulira matumba okwera mtengo zipite kwa dokotala kuti afufuze gwero lina.