Kodiak: ndege yomwe inabadwa chifukwa cha kusowa kwa mafuta

Dzinja likafika pachimake, milatho n'kukokoloka, misewu n'kusanduka matope okhaokha, alipo madera ena m'chigawo chathu chino kumene mayi woyembekezera amene zamuvuta, kapena bokosi la katemera, sangafike kuchipatala pokhapokha atadzera mumlengalenga. Tinaziona m'mwezi wa Malichi 2019 pamene namondwe wa Idai anasakaza mzinda wa Beira ndi madera ozungulira. Ndege zing'onozing'ono ndi mahelikopita zinathandiza kwambiri kufikira anthu omwe madzi anawazinga. Mtundu wina wa ndege zogwira ntchito yotere, wotchedwa Kodiak, unachita kupangidwa mwadala potsatira madandaulo a oyendetsa ndege za mishoni.

Kwa zaka zambiri mabungwe monga Mission Aviation Fellowship ankadalira ndege ngati Cessna 206, yonyamula anthu osapitirira asanu ndi mmodzi. Injini yake imagwira ntchito mofanana ndi ya galimoto, koma imamwa petulo wapadera wotchedwa avgas. Vuto linali pamenepo. Petuloyu amapangidwa m'malo owerengeka, ndipo m'maiko ambiri a mu Africa ndi Asia ankasowa, kapena ankapezeka pa mtengo woboola m'thumba atayenda ulendo wautali m'migolo. Pomwe mafuta a ndege zikuluzikulu, omwe ndi achibale a parafini wa m'nyali zathu, amapezeka pa bwalo lililonse lalikulu la ndege.

Ndege yomwa mafuta amenewa inalipo kale. Cessna Caravan inauluka koyamba m'chaka cha 1982 ndipo mpaka lero ikugwira ntchito yotamandika. Koma mabwalo ambiri a kumidzi ndi a kumapiri, olimidwa ndi makasu pamalo otsetsereka, ndi aafupi kwambiri kwa iyo ikadzaza katundu.

Anthu awiri a ku America ndiwo anaganiza zotseka mpata umenewu: David Voetmann, yemwe anayendetsa ndege za mishoni mu Africa kwa zaka zambiri, ndi Tom Hamilton, katswiri wokonza mapulani a ndege. Kampani ya Quest Aircraft inakhazikitsidwa m'chaka cha 2001 ndipo inamanga fakitale m'tauni ya Sandpoint, m'dera la Idaho. Gawo lina la ndalama zoyambira linachokera ku mabungwe a mishoni omwe analipiriratu ndege zomwe zinali zisanapangidwe n'komwe. Alimi amene anasonkherapo ndalama za chigayo cha kalabu chisanabwere akudziwa mtima womwe umafunika pa zoterezi. Ndege yoyamba inauluka mu Okotobala 2004, ndipo boma la America linaivomereza m'chaka cha 2007.

Chosangalatsa n'chakuti pafupifupi chiwalo chilichonse cha ndegeyi chikuyankha funso la kumudzi. Mapiko ali pamwamba, kuti asakhudze udzu ndi tchire komanso kuti woyendetsa aziona bwino pansi. Miyendo yake siipindika kulowa m'mimba monga zimachitira ndege zina. Ndi yolimba, ya matayala akuluakulu opirira miyala ndi zigwembe. Thupi lake ndi la aluminiyamu, chitsulo chomwe mmisiri angathe kuchigamba ali kutali ndi fakitale. Chitseko cha kumbuyo n'chachikulu kuposa mita imodzi m'lifupi, moti machira a wodwala kapena mgolo zimalowa bwinobwino. Mipando imazulidwa msanga, kotero kuti ndege yomwe m'mawa inanyamula anthu khumi, kuphatikizapo woyendetsa, masana ikhoza kubwerera ndi matumba a mbewu. Imatha kusenza makilogalamu pafupifupi 1,600, ngakhale kuti pa kulemera kumeneku tiyenera kuchotsapo mafuta ndi woyendetsa. Ulendo ukatalika, katundu amachepa.

Mtima wake ndi injini ya PT6A yopangidwa ndi Pratt & Whitney Canada, ya mphamvu ya akavalo 750. Injiniyi ilibe mapisitoni. Imakoka mpweya, kuupanikiza, kuusakaniza ndi mafuta n'kuyatsa, ndipo mpweya wotenthawo umazunguza mapeni omwe amatembenuza pulopela. Ziwalo zake zimangozungulira osagundagunda, n'chifukwa chake imayenda maola ochuluka isanafune kuphwasulidwa. Imakhalanso ndi mphamvu zokwanira pamalo okwera ndi otentha, pomwe mpweya umapepuka ndipo injini zing'onozing'ono zimafooka. Ikatera, woyendetsa amatembenuza mapeni a pulopela kuti azikankhira mphepo kutsogolo, ndege n'kuima msanga. Pabwalo labwino la m'munsi, Kodiak yodzaza imanyamuka isanathamange mamita 300.

Tisanayiyimbire nthungululu, tinene za mtengo. Ndege yatsopano imaposa madola mamiliyoni awiri, ndalama zomwe zikhoza kukumba mijigo yambirimbiri. Poyamba kampaniyi inakonza zoti phindu la ndege zogulitsidwa kwa anthu abizinesi lizithandiza kuti zina zizipita ku mishoni pa mtengo wotsika. Koma kupanga ndege kumadya chuma, ndipo fakitale inasintha manja kawiri: kampani ya ku Japan inaigula m'chaka cha 2015, kenaka Daher ya ku France m'chaka cha 2019. M'chaka cha 2022 Daher inatulutsa Kodiak 900, yaitali komanso yothamanga kwambiri, yomwe mwa kuona kwanga ikuyang'ana kwambiri kwa ogula opeza bwino kusiyana ndi odwala a kumapiri. Komabe Kodiak yoyamba ija yakhala ikutumikira midzi ya ku Papua New Guinea ndi Indonesia, kumene misewu kulibe.

Ntchito ina imatsalira anthu a pamudzi. Ndege ingalimbe bwanji, chulu chophuka pakati pa bwalo, dzenje lokumbidwa ndi nkhumba kapena ng'ombe yodutsa mwadzidzidzi zikhoza kuigwetsa. Kumene maulendo otere akuyenda bwino kumakhala anthu osankhidwa omweta udzu, kugumula zulu, kutsegula ngalande mvula isanayambe, ndi kuuza woyendetsa pa foni kapena pa wailesi m'mawa uliwonse ngati nthaka yauma mokwanira kuti atere.