Kodi Mumadziwa? Mtima Umatha Kupweteka Mitsempha Isanatsekeke

Pali anthu amene amamva kupweteka pachifuwa akamakwera chitunda kapena akada nkhawa, koma madokotala akajambula mitsempha ya mtima wawo amapeza kuti palibe pamene patsekeka. Ambiri mwa odwalawa ndi amayi, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ena ankangouzidwa kuti ndi maganizo chabe.

Nthawi zambiri vuto limakhala pa kakhungu kopyapyala kamene kanayala mkati mwa mtsempha uliwonse wa magazi, kotchedwa endothelium. Kakhunguka kamatulutsa mpweya wa nitric oxide, umene umachititsa kuti mtsempha ufutukuke mtima ukafuna magazi ambiri. Kakawonongeka, mtsempha sufutukuka mokwanira, mwinanso umafinyika, ndipo mnofu wa mtima umaperewera magazi. Izi zimachitikanso m'timitsempha tating'ono kwambiri, timene sitioneka n'komwe pachithunzi chija.

Robert Furchgott wa ku New York ndiye anasonyeza mu 1980 kuti mtsempha wa kalulu umene kakhungu kake kapalidwa sufutukukanso akauthira mankhwala a acetylcholine. Mu 1998 iye, Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha kafukufuku wa nitric oxide. Lero madokotala amabaya acetylcholine yemweyo mumitsempha ya mtima poyeza odwala: mtsempha wabwino umafutukuka, wodwala umafinyika.

Fodya, matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi mafuta ochuluka m'magazi zimawononga kakhunguka. Ululu ukapitirira, bwererani kuchipatala, ngakhale chithunzi chitaoneka bwino.