Mkangano wa maina a gulu ndi zinthu zapazokha

Mkangano wa maina a gulu ndi funso lakale la filosofi lokhudza mawu monga "phiri", "munthu" kapena "kufiira", omwe amatchula zinthu zambiri nthawi imodzi. M'Chingerezi, zimene mawu otere amaimira zimatchedwa universals. Munthu amene ali mumzinda wa Blantyre amaona Ndirande, Soche ndi Michiru. Atatuwa amasiyana msinkhu ndi maonekedwe, koma onse amatchedwa mapiri. Funso ndi lakuti: kodi pali "uphiri" weniweni umene uli mwa onsewa, kapena chimene chikuwalumikiza ndi dzina lokha?

Mayankho akuluakulu

Plato wa ku Greece ankaphunzitsa kuti zinthu monga ubwino ndi chilungamo zilipo pazokha, sizisintha, ndipo zimene timaona ndi maso zimangotengerako. Wophunzira wake Aristotle (384–322 BC) anatsutsa zimenezi. Iye anati khalidwe la gulu lilipodi, koma limapezeka m'zinthu momwemo: palibe kufiira kumene kuli pakokha popanda chinthu chofiira.

Yankho lachitatu linatchuka ndi William wa ku Ockham, wansembe wa ku England wa m'zaka za m'ma 1300. Iye anati chilichonse chimene chilipo ndi chinthu chimodzi chapachokha, ndipo maina a gulu ndi zizindikiro za m'maganizo zosonkhanitsira zinthu zofanana.

Kusiyana kwa chinthu chilichonse

Mbali ina ya mkanganowu imafunsa chimene chimachititsa chinthu kukhala chomwecho osati china. Mishoni ya Blantyre, yomwe inakhazikitsidwa mu 1876, inatenga dzina la mudzi wa ku Scotland kumene David Livingstone anabadwira. Dzina ndi limodzi, malo ndi awiri. Momwemonso mawu akuti "tchalitchi" amatchula nyumba zambirimbiri, koma safotokoza chimene chimasiyanitsa St Michael and All Angels, yomwe David Clement Scott ndi amisiri a kuno anamanga ndi njerwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndi matchalitchi ena onse.

John Duns Scotus, yemwe anamwalira mu 1308, anati chinthu chilichonse chili ndi "uchimenechi" wake umene china sichingakhale nawo. Gottfried Leibniz (1646–1716) anati palibe zinthu ziwiri zofanana m'zonse, ngakhale masamba awiri a m'munda umodzi.

Malire a nzeru za munthu

Apa mpamene mkanganowu umakhudza malire a kudziwa. Munthu amaganiza ndi kuyankhula pogwiritsa ntchito maina a gulu, pomwe zimene amakumana nazo ndi zinthu zapazokha. Choncho kufotokoza kulikonse kumasiya kena kake kunja.

Komanso palibe amene anaonapo gulu lonse. David Hume (1711–1776) anasonyeza kuti kuona chinthu chikuchitika kambirimbiri si umboni wotheratu wakuti chidzachitikanso choncho. Anthu a ku Ulaya ankakhulupirira kuti mbalame zonse zotchedwa swan ndi zoyera, mpaka pamene amalinyero a ku Netherlands, motsogoleredwa ndi Willem de Vlamingh, anaona zakuda ku Australia mu 1697.

M'Chichewa ndi ku Malawi

Chichewa chimapanga mayina a khalidwe poika u- kutsogolo kwa mawu: mfumu, ufumu, mwana, umwana, munthu, umunthu. Anthu akamati wina "alibe umunthu", satanthauza kuti iyeyo si wa mtundu wa anthu, koma kuti khalidwe lake laperewera. Choncho umunthu si dzina la gulu chabe, ndi muyesonso.

Didier Kaphagawani, yemwe ankaphunzitsa filosofi ku Chancellor College ku Zomba, analemba za Leibniz komanso za mmene Achewa amaonera munthu ndi nzeru. Miyambi imagwira mbali zonse ziwiri. Wakuti "Kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu" umaika munthu m'gulu, pomwe wakuti "Anthu ndi mchenga, saumbika" umakumbutsa kuti aliyense ali ndi mutu wake.

Nkhaniyi imafika ndi pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Woweruza milandu amagwiritsa ntchito lamulo lokhudza onse, koma ayenera kumva mlandu wa munthu mmodzi amene waima pamaso pake. Ndipo tsankho limayamba pamene wina aganiza kuti podziwa mtundu wa mnzake kapena dera limene amakhala, wamudziwa munthuyo.