Vitamini D: Ganizani Kaye Musanagule Botolo

Mwina munalandirapo uthenga pa WhatsApp wonena kuti vitamini D amaciza matenda ambirimbiri. Mwina munaona timabotolo take mu famasi ku Tete kapena ku Lichinga. Kapena m'bale wanu wa ku Johannesburg anakutumizirani botolo limodzi. Ndiye mukudzifunsa kuti: kodi ndimwe? Nanga ndizimwa mapiritsi angati? Mafunso amenewa ndi ofunika, cifukwa akukhudza thumba lanu komanso impso zanu. Tiyeni tikambirane bwinobwino.

Vitamini D amagwira nchito yanji?

Mafupa athu amalimba ndi mcere wina wochedwa kashiamu. Pa Cipwitikizi amalemba kuti cálcio. Mcere umenewu timaupeza m'zakudya monga usipa ndi matemba, tikadya ndi minga yomwe. Koma kuti kashiamu acoke m'matumbo n'kulowa m'magazi, pamafunika vitamini D. Vitaminiyu akasowa, kashiamu wambiri amangodutsa m'mimba n'kutuluka.

Mwana wosowa vitamini D kwa nthawi yaitali amakhala ndi mafupa ofewa. Miyendo imapindika n'kukhala ya matewe, mfundo za m'manja zimakula, ndipo amacedwa kuyenda. Munthu wamkulu amamva kuphwanya m'mafupa, makamaka m'ciuno ndi kumsana. Minofu imafooka, moti kudzuka pa mphasa kumavuta.

Koma dziwani ici: si matewe onse amene amabwera cifukwa cosowa vitamini D. Mu 1999, madokotala a ku Jos, m'dziko la Nigeria, anafalitsa zimene anapeza pa ana odwala matendawa. Ana amene anapatsidwa kashiamu anacira bwino kuposa amene anapatsidwa vitamini D yekha. Vuto lalikulu linali cakudya cosowa kashiamu. N'cifukwa cake mwana wa miyendo yopindika timapita naye kucipatala, osati kungomugulira botolo.

Timamupeza kuti?

Vitamini D ndi wosiyana ndi mavitamini ena, cifukwa thupi limamupanga lokha. Dzuwa likawomba pakhungu, khungulo limayamba kumupanga. Kenako ciwindi ndi impso zimamaliza nchitoyo. Dzuwa lodutsa pa galasi la windo silithandiza. Khungu lakuda limafuna nthawi yoculukirapo padzuwa kusiyana ndi khungu loyera. Komabe munthu amene amalima, kuwedza, kutunga madzi kapena kugulitsa malonda panja, nthawi zambiri amapeza dzuwa lokwanira. Simufunika kudziwamba padzuwa mpaka kupsa ayi.

Zakudya zina zilinso ndi vitamini D. Zambiri ndi nsomba zamafuta, monga karapau ndi sadini. Alimonso pang'ono mu cikasu ca dzira ndi mu ciwindi ca nyama. Tinsomba tating'ono, monga usipa wa m'nyanja ya Niassa ndi kapenta wa ku Cahora Bassa, n'tabwino kwambiri ku mafupa cifukwa timadya tathunthu. Kuyambira mu 2016, lamulo la dziko lino limauza mafakitale kuti aziwonjezera mavitamini ndi micere mu ufa, mafuta ophikira ndi shuga. Pa paketi amalemba mawu akuti fortificado. Werengani bwino kuti muone mavitamini amene aikamo.

Nanga bwanji kunja amamwa kwambiri?

Ku Britain dzuwa limakhala lofooka kuyambira mu Okutobala mpaka mu Malici. Pa miyezi imeneyi khungu silitha kupanga vitamini D wokwanira. Ndiye a zaumoyo a kumeneko amalangiza anthu kuti aziganizira zomwa 10 mcg pa tsiku. Amanenanso kuti anthu a khungu lakuda aganizire zomwa caka conse. Conco m'bale wanu wa ku London akamamwa, sakulakwa. Koma malangizo amenewo anapangidwira dzuwa la kumeneko, osati la ku Angónia kapena ku Metangula.

Izi sizikutanthauza kuti kuno kulibe osowa vitamini D. Mu 2020, akatswiri anaphatikiza kafukufuku wa m'maiko ambiri a mu Africa. Anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu anali ndi vitamini D wocepa m'magazi. Vutoli linali lalikulu m'matauni kusiyana ndi kumidzi, komanso kwa amayi ndi makanda.

Ndani ayenera kufunsa kucipatala?

Funsani ngati mumakhala m'nyumba tsiku lonse, kaya cifukwa ca nchito, ukalamba kapena matenda. Funsani ngati mumavala zovala zophimba thupi lonse nthawi zonse mukatuluka. Anthu acialubino ayenera kupewa dzuwa kuti ateteze khungu lawo ku khansa. Iwo asamapite padzuwa kukafuna vitamini D, koma afunse dokotala za mapiritsi.

Mkaka wa m'mawere ndi cakudya cabwino koposa kwa khanda, ngakhale kuti uli ndi vitamini D wocepa. Pitirizani kuyamwitsa. Ngati mwana anabadwa masiku asanakwane, kapena akucedwa kukhala ndi kuyenda, nenani kusikelo. Dziwaninso kuti kapisozi wofiira kapena wabuluu amene ana amalandira miyezi 6 iliyonse ndi vitamini A, osati D.

Amayi oyembekezera, bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, limene kuno timaliti OMS, silinena kuti mayi aliyense woyembekezera azimwa vitamini D. Limanena kuti azimwa mapiritsi owonjezera magazi, aja amene mumalandira kusikelo. Vitamini D amaperekedwa kwa mayi amene dokotala waona kuti akumusowa.

Mankhwala ena amacepetsa vitamini D m'thupi. Ena mwa iwo ndi mankhwala a khunyu monga fenobarbital, mankhwala a cifuwa cacikulu ochedwa rifampicina, ndi ma ARV ena monga efavirenz. Musasiye mankhwala anu cifukwa ca zimenezi. Ingofunsani pa tsiku limene mukukatenga mankhwala.

Kuwerenga manambala a pa botolo

Apa m'pamene pamafunika maso. Muyeso wa vitamini D umalembedwa m'njira ziwiri. Pena amalemba UI, ndipo pa mabotolo a Cingelezi amalemba IU. Ndi cimodzimodzi. Pena amalemba mcg kapena µg. Kumbukirani kuti 1 mcg ndi 40 UI. Ndiye 10 mcg ndi 400 UI, ndipo 25 mcg ndi 1000 UI.

Akatswiri a ku America anaika miyeso iyi, imene madokotala ambiri amatsatira. Khanda losakwana caka limafunika 400 UI pa tsiku. Kuyambira caka cimodzi mpaka zaka 70, munthu amafunika 600 UI. Wopitirira zaka 70 amafunika 800 UI. Munthu wamkulu asapitirire 4000 UI pa tsiku, pokhapokha dokotala atamuuza. Kwa ana aang'ono malire ndi otsika kuposa pamenepa.

Tsopano werengani maziro mosamala. Pa Cipwitikizi amaika kadontho pakati pa nambala yaikulu. 1.000 UI ndi sauzande imodzi. 5.000 UI ndi masauzande asanu, ndipo yapitirira kale malire aja. 50.000 UI ndi masauzande makumi asanu. Kapisozi mmodzi wa 50.000 UI ndi wofanana ndi mapiritsi 125 a 400 UI. Madokotala amapereka makapisozi amphamvu conci kwa munthu amene akusowa kwambiri vitamini D. Nthawi zambiri amati amwe kamodzi pa sabata, kwa masabata owerengeka basi. Munthu akamamwa tsiku lililonse, ndiye kuti akudzipweteka.

Madontho a ana nawonso amasiyana. M'botolo lina dontho limodzi ndi lokwanira tsiku lonse. M'botolo lina mankhwala ndi osungunula, ndipo amayesa ndi kacubu. Musatengere muyeso wa botolo la mnzanu. Ngati mukumwa kale mavitamini ena osakaniza, onaninso pa botolo lawo, cifukwa ambiri ali ndi vitamini D m'kati. Mukaphatikiza mabotolo awiri, manambala nawonso amaphatikizana.

Mukaona mawu akuti colecalciferol, ameneyo ndi vitamini D3. Ergocalciferol ndi vitamini D2. Onse awiri amagwira nchito. Ndi bwino kumwa pa nthawi ya cakudya, cifukwa vitaminiyu amalowa bwino m'thupi limodzi ndi mafuta.

Akaculuka amavulaza

Anthu ena amati vitamini sangapweteke munthu. Zimenezo si zoona. Vitamini C akaculuka, wotsalayo amatuluka ndi mkodzo. Koma vitamini D amasungidwa m'mafuta a m'thupi, ndipo amatha kukhalamo miyezi. Akaunjikana, kashiamu amakwera kwambiri m'magazi. Munthu amamva nseru, amasanza, amadzimbidwa ndipo amafooka. Amamva ludzu kwambiri n'kumakodza pafupipafupi. Mutu umatha kusokonezeka. Mu impso mumatha kupangika timiyala, ndipo impsozo zimatha kuwonongeka.

Dzuwa silingakupatseni vitamini D wopitirira muyeso, cifukwa khungu limasiya lokha likakwanitsa. Ngozi imacokera m'botolo. Mukaona zizindikiro zimenezi pamene mukumwa vitamini D, siyani ndipo pitani kucipatala. Nyamulani botololo kuti akaone. Ngati muli ndi matenda a impso, kapena mumamwa mankhwala a mtima kapena a kuthamanga kwa magazi monga hidroclorotiazida, musayambe nokha musanafunse.

Kodi amaciza matenda onse?

Ayi. Akatswiri anayesa kale zimenezi pa anthu ambiri. Ku America, anthu acikulire oposa 25,000 analowa mu kafukufuku wochedwa VITAL. Ena ankamwa 2000 UI tsiku lililonse kwa zaka pafupifupi 5. Ena ankamwa mapiritsi opanda vitamini m'kati. Zotsatira zinatuluka mu 2018. Khansa ndi matenda a mtima sizinacepe mwa amene ankamwa vitamini D. Mu 2022 anapezanso kuti kuthyoka mafupa sikunacepe. Ambiri mwa anthuwo sankasowa vitaminiyu poyamba. Ku Mongolia, ana asukulu oposa 8,000 analowa mu kafukufuku wa zaka 3, ndipo vitamini D sanawateteze ku kacilombo ka cifuwa cacikulu.

Phunziro lake n'lakuti vitamini D amathandiza munthu amene akumusowa. Kwa amene ali naye kale wokwanira, kuwonjezera sikubweretsa phindu looneka. Vitamini D saciza malungo, shuga kapena HIV. Ngati mukutopa nthawi zonse, cifukwa cake cikhoza kukhala kucepa kwa magazi, malungo, shuga kapena cifuwa cacikulu. Mukathera ndalama pa mavitamini, matenda enieniwo amakhala akukula.

Malangizo a ndani tiwakhulupirire?

Munthu akakuuzani za mankhwala, dzifunseni mafunso anayi. Coyamba, kodi iyeyu ndani, ndipo anaphunzira zacipatala? Caciwiri, kodi akugulitsa cinthu? Wogulitsa amafuna kuti katundu wake athe. Cacitatu, kodi akulonjeza kuti mankhwala amodzi aciza matenda khumi? Ngati ndi conco, cenjerani. Cacinayi, kodi wakufunsani za inuyo? Namwino wabwino amafunsa zaka zanu, matenda anu ndi mankhwala amene mukumwa. Uthenga wa pa Facebook sukudziwani.

Pa intaneti pali anthu ovala malaya oyera amene si madokotala. Pali ena amene amati, "Ine ndinamwa ndipo ndinacira." Mwina akunena zoona za mmene anamvera. Koma sitidziwa cimene ankadwala, ndiponso matenda ambiri amatha okha. Munthu akakuuzani kuti musiye mankhwala a kucipatala n'kuyamba ake, ameneyo muthaweni.

Okuthandizani ali pafupi. Kumudzi kuli APE, amene angakuuzeni kopita. Ku cipatala caching'ono kuli namwino ndi técnico. Vitamini D amayezedwa m'magazi, koma si munthu aliyense amene amafunika kuyezedwa. Dokotala ndi amene amaona. Musacite manyazi kufunsa kawiri. Akulu anati safunsa anadya phula.

Mukaganiza zogula

Gulani mu famasi yovomerezeka. Kuno ku Mozambique bungwe loyang'anira mankhwala ndi ANARME. Mu 2017, OMS inanena kuti m'maiko osauka ndi apakati, pafupifupi mankhwala amodzi mwa khumi ndi acinyengo kapena osakwanira mphamvu. Mapiritsi ogulitsidwa pa mphasa mumsika, ali padzuwa, opanda bokosi, simungadziwe cimene cili m'kati. Botolo lonyezimira nalonso lisakukopeni. Paja cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Musanapereke ndalama, pezani zinthu zinayi pa botolo. Pezani dzina la vitamini. Pezani nambala ya UI kapena mcg ya piritsi limodzi. Pezani mawu akuti Validade, Val. kapena EXP, amene akunena tsiku lothera mphamvu. Pezaninso mawu akuti Lote ndi dzina la fakitale. Onani ngati civindikiro sicinatsegulidwepo. Kudula kwa botolo sikutanthauza kuti ndi labwino kuposa lochipa la muyeso womwewo. Kunyumba, sungani pamalo ozizira ndi ouma, pamene ana sangafike.

Ngati m'nyumba mwanu muli kale botolo la mavitamini, litengeni lero. Werengani nambala yake mokweza, ndipo werengani maziro limodzilimodzi. Ilembeni pa pepala pamodzi ndi maina a mankhwala ena onse amene mumamwa. Tsiku lopita kucipatala, tengani pepalalo ndi botololo, mukafunse kuti: "Kodi ine ndikufunika zimenezi? Ndizimwa angati, ndipo mpaka liti?"