Dalitso la mpingo, chikalata cha boma

Anthu akamakangana za ukwati wa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndimaona kuti ambiri amasakaniza zinthu ziwiri: dalitso la mpingo ndi chikalata cha boma. Zimene zinachitika ku South Africa zimatithandiza kuzilekanitsa.

Marié Fourie ndi Cecelia Bonthuys, amayi awiri amene ankakhalira limodzi, anakasuma boma litakana kulembetsa ukwati wawo. Pa 1 Disembala 2005, khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo linagamula mowakomera. Woweruza Albie Sachs anatsamira pa gawo 9 la malamulo aakuluwo, a 1996, limene limaletsa kusala munthu, ngakhale chifukwa cha amene amamukonda. Nyumba ya Malamulo inapatsidwa chaka chimodzi kuti ikonze zinthu, ndipo mu Novembala 2006 aphungu 230 anavomereza lamulo la Civil Union Act lololeza maukwati oterewa, pamene 41 anakana.

Otsutsa, makamaka mipingo yambiri ndi mafumu, ankati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo pamenepo ndi pamene mtundu umachokera. Nkhawa yawo sindiipeputsa. Koma lamuloli silikakamiza m'busa aliyense kudalitsa ukwati umene chikhulupiriro chake chikukana.

Chimene chimandigwira mtima ndi ichi: munthu wagonekedwa m'chipatala, sakutha kuyankhula, madokotala akufuna wachibale woti asaine. Amene wakhala naye zaka makumi awiri angoima pakhonde, alibe pepala lililonse. Wodwalayo akatisiya, achibale amene sankabwerako n'komwe akhoza kudzatenga nyumba ndi katundu yense. Boma limatolera msonkho kwa onse, ndipo ine sindikuona chifukwa chomveka choti limumane munthu ameneyu chikalatacho.